Bulu wa Apongozi Awo a Vitus

Amayi Benedicta Kamwendo sankapereka moni kwa munthu asanapereke kwa bulu. Ku Kitengela, kunja kwa mzinda wa Nairobi, izi ankazidziwa ndi ana omwe. Mukakumana nawo pamsewu, inu mwatambasula kale dzanja, mano onse ali panja, iwo ankakudutsani ngati mtengo wa magetsi n'kulunjika kwa bulu amene waima ndi ngolo kumbuyo kwanu. "Mwadzuka bwanji, bambo? Phewa lija likupola?" Akamva yankho, kaya ankalimva bwanji, m'pamene ankatembenuka n'kukumbuka kuti nanunso muli ndi moyo. Ogulitsa madzi anawapatsa dzina loti Mama Punda, poti punda ndiye bulu m'Chiswahili, ndipo dzinalo linawakakamira moti ngakhale ansembe ankawatchula choncho.

Koma nkhani ya mayiwa musaimve kwa anthu amene ankaseka ali patali. Imvereni kwa akamwini awo, a Vitus Chimtengo, bambo ophunzira, a tayi, ogwira ntchito ku bungwe lina la mayiko m'tauni, amene kwa zaka khumi ndi ziwiri sanasekeko nawo ngakhale tsiku limodzi. A Vitus ankaopa bulu. Sindikunena mantha oti munthu n'kulambalala chabe ayi, ndikunena mantha oumitsa malovu, oziziritsa nkhongono. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kwawo ku Mitundu, bulu wa ngolo ya chimanga anawaluma pathako, n'kuwanyamula m'mwamba, n'kuwakutumula ngati nsanza. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo amene ankachidziwa anali akazi awo okha, a Sungeni.

Atapeza ntchito ku Nairobi anadziuza kuti apulumuka kawiri: mumzinda wa nyumba zosanjikizana mulibe abulu, komanso apongozi atsala kutali ku Linthipe. Nyumba ya lendi ku Kitengela anakaiona Lamlungu, tsiku limene ngolo za madzi zimapuma. Anasamuka Loweruka lotsatira. Lolemba m'mawa anadzutsidwa ndi kulira kwa abulu osawerengeka, poti chitsime chimene amatungapo madzi ogulitsa chinali kuseri kwa mpanda wawo womwewo. Pasanathe chaka kunabadwa mwana wawo Luso, ndipo Amayi Benedicta anakwera ndege kudzathandiza chikuta. Anati akhala masabata atatu.

Tsono mayiwa anakulira pansi pa ngolo. Bambo awo anali ndi abulu anayi ku Linthipe, ndipo iwo anaphunzira kutsuka chilonda cha bulu asanaphunzire kusinja. Lamlungu loyamba akuchokera ku Misa, atatu onse akuyenda m'kanjira kafumbi, panatulukira bulu pakona, akudziyendera yekha ndi chingwe chake. A Vitus sanaganize n'komwe. Anadumphira m'ngalande, n'kunjuta, n'kuvula chipewa kuphimba nkhope, maso ali pansi. Inu mukudziwa kuti kwathu umu ndi mmene mkamwini woleredwa bwino amachitira akakumana ndi apongozi panjira.

Amayi Benedicta anaima, dzanja lili pakamwa.

"Sungeni mwana wanga, amuna akowa unawatola kuti?"

"Bwanji, amayi?"

"Ine ndakalamba chonchi, sindinaonepo mwamuna wopatukira bulu. Taona mmene anjutira! Chipewa chomwe avula!"

A Sungeni anadziluma mlomo, misozi ya phwete ili m'maso. "Ndi aulemu, amayi."

"Aulemu? Awa ndi oyera mtima. Tulukani m'ngalandemo, bambo a Luso, wadutsa. Ine ndi inu tigwira ntchito m'dziko muno."

Kodi mkamwini angauze apongozi ake kuti alakwitsa? Angayambire pati, poti umboni wake uli pamalo osaonetsa? A Vitus anangoti, "Chabwino, Amayi." Mawu awiri amenewo ndi amene anawadyera zaka khumi ndi ziwiri.

Chiswahili cha mayiwa chinali mawu awiri basi, ndipo sanafune lachitatu. Loyamba linali "Simama!" loimitsira ngolo. Lachiwiri linali "Punguza!" lotsitsira katundu. Zina zonse ankalankhula m'Chichewa cha ku Dedza, ogulitsa madzi n'kumayankha m'Chiswahili, ndipo ankakangana bwinobwino mpaka kumvana. Woyamba kulawa anali Kioko, bambo wamtali wa ndevu zaimvi amene ankapachika zigubu makumi awiri pa bulu mmodzi. Tsiku limenelo a Vitus anali pa chiwongolero, atavala suti, akuthamangira msonkhano wa akuluakulu, apongozi ali kumbuyo poti ankakawatula kuchipatala kukayezetsa maso.

"Imani, bambo a Luso."

"Amayi, nthawi..."

"Nthawi ili ndi chilonda? Imani."

Anatsika, n'kuima pakati pa msewu wa Namanga, maminibasi akuimba mahutala, a kabaza wa njinga zamoto akutukwana. "Simama! Punguza!" Kioko anafunsa ndi manja kuti zigubu zotsitsidwazo azitaye kapena azimwe. Mayi aja analoza galimoto. Zigubu zisanu ndi chimodzi zinalowa, zinayi kumbuyo, ziwiri pampando, ndipo a Vitus anatsatira ngoloyo pa liwiro la bulu, nyumba ndi nyumba, mpaka madzi onse atagulitsidwa. Paliponse pamene ngolo yaima, bulu uja ankatembenuka n'kuwayang'ana pagalasi. Anafika ku ofesi msonkhano utatha, nsapato zili chonyowa, malaya ali thukuta kamukamu. Abwana atafunsa, anati kunali ngozi panjira, ndipo mumtima mwawo sanali kunama.

Zinakhala choncho mpaka ogulitsa madzi anazolowera. Akaona galimoto yotuwa ija ikubwera ankayamba okha kutsitsa zigubu, ena mwamantha, ena mwadala kuti apepukidwe ulendo.

Amalawi a ku Nairobi nawonso anaona zakuda. Pa chikondwerero cha ufulu ku South C, anthu akuvina, Amayi Benedicta ankazungulira n'kumasisita abambo m'mapewa. Anthu ankayesa chikondi cha mayi wachikulire. Iwo ankapima thonje la m'majekete, loti akasokere zotetezera abulu pakhosi kuti chingwe chisamawacheke.

"A Tumbikani, jeketeyi yakuchepani."

"Ayi, Amayi, ndangogula kumene."

"Yakuchepani. Vulani musanadwale nayo."

A Tumbikani anabwerera kwawo ndi malaya okha, kunja kukuzizira kwa Julaye. A Vitus anaseka chamumtima, koma sabata yotsatira, ataima pa mzere wa magalimoto, anaona bulu akudutsa atavala pakhosi nsalu yabuluu ya mizeremizere, mabatani atatu agolide akunyezimira. Inali jekete yawo ya ukwati. Madzulo anayesa kudandaula kwa akazi awo monong'ona, koma apongozi anamva ali kukhitchini.

"Ukwati munamanga kale, bambo a Luso. Mukufuna kumanganso wina?"

"Ayi, Amayi."

"Ndiye ikugwira ntchito."

Zonsezo zinali zophweka poyerekeza ndi tsiku limene kunabwera a Nasibeko. Inde, a Nasibeko, ndi ulemu wake womwe, poti mayi aja anati bulu amene wamwetsa tauni yonse zaka zambiri sangatchulidwe ngati kamwana. Anali bulu wamkazi wokalamba, khutu limodzi long'ambika, wotayidwa m'mbali mwa msewu ndi chilonda chachikulu pamsana. Amayi Benedicta anabwera naye pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala.

"Bambo a Luso, bwerani mugwire mutu, ine nditsuke ndi madzi amchere."

Abale, a Vitus anaona imfa ndi maso. Anayenda ngati akupita kokanyongedwa, n'kuika manja awiri pamasaya a bulu uja, ndipo pomwepo thupi lawo linauma gwa. Sanaphethire. Sanapume. Mpweya wotentha wa m'mphuno za a Nasibeko unkawalowa m'malaya, mano achikasu aja ali pafupi ndi lamba. Ankangowerenga Tikuoneni Maria chamumtima, n'kumasokoneza mawu.

"Sungeni, tabwera udzaone!" anakuwa mayi aja. "Ena akanamagwedezeka, bulu n'kudzidzimuka. Awa angoti duu. Ndi mphatso imeneyi, sizophunzira kusukulu."

Atawamasula, a Vitus anakalowa m'bafa n'kukhala pansi ola lathunthu. Kuyambira tsiku limenelo khomo la kukhitchini analisiya. Kuseri kwa nyumba yawo yomwe sanapondeko zaka zisanu ndi chimodzi, kupatula akaitanidwa, ndipo ankaitanidwa Loweruka lililonse.

Kenaka kunabwera nyengo yoipa, ndipo apa ngakhale oseka analeka. Abulu anayamba kusowa. Munthu ankadzuka n'kupeza chingwe chokha, ndipo patapita masiku ankakapeza mtembo kutchire, utasendedwa chikopa, nyama itasiyidwira afisi. Ogulitsa madzi ena anayamba kukoka okha ngolo. Amayi Benedicta analira poyera pachitsime, kenaka anapukuta misozi n'kukagula jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pazilonda, mabotolo odzaza chikwama. Bulu aliyense wa ku Kitengela anamujambula mtanda waukulu pambali. Ankati chikopa chothimbirira palibe angachifune. Kaya zinali zoona kaya, ine sindikudziwa, koma tauni inadzaza abulu a mitanda, ndipo manja a mayi aja sanayerenso mpaka tsiku lomaliza.

Anadwala masabata awiri okha. Ali m'chipatala anatulutsa aliyense n'kuitana akamwini awo. A Vitus analowa n'kunjuta pafupi ndi chitseko, maso pansi, monga mwa masiku onse.

"Senderani kuno. Ndiyang'aneni."

Aka kanali koyamba kuti awayang'ane apongozi awo m'maso. Anadabwa kuona kuti anali kamunthu kakang'ono chabe.

"Sungeni ali ndi mtima wabwino koma amaiwala. Luso ndi mwana. A Nasibeko ndakusiyirani inu."

Pakamwa pa a Vitus panatseguka kuti choonadi chituluke, koma chimene chinatuluka n'chomwe chija. "Chabwino, Amayi."

Maliro anakaika ku Linthipe. A Sungeni ndi Luso anatsalira komweko kwa mwezi, ndipo a Vitus anabwerera okha chifukwa cha ntchito. Analira apongozi awo moona, musaganize zina. Koma atatsegula geti n'kumva kulira kochokera kuseri, anathamangira m'nyumba n'kudzitsekera. Masiku anayi ankaponya udzu ndi makoko a kabichi kudzera pawindo la kubafa. Madzi ankathira ndi paipi, ataima pampando m'kati mwa nyumba. A Nasibeko sankadya. Ankangoima n'kuyang'ana khomo la kukhitchini.

Lachinayi kunabwera mwini nyumba. Anapepesa maliro, kenaka anati iye ankapirira bulu pamalo pake chifukwa choopa Mama Punda, ndipo tsopano woti amuope palibe. Anabwera ndi munthu wina womwetulira, wa chipewa choyera, amene anati ali ndi famu kutsidya kwa Kajiado kumene abulu okalamba amakapuma, msipu wofika m'mawondo. A Vitus sanafunse dzina la famuyo. Sanafunse chilichonse. Mtima wawo unkavina, ndipo anadziuza kuti Amayi akanakondwa ndi msipu wofika m'mawondo. Anagwirizana za Loweruka m'mawa.

Lole inafika dzuwa litakwera, n'kulowa chobwerera m'mbuyo. Wa chipewa uja anatsika ndi anzake awiri, zimphona zamapewa, wina atanyamula chingwe, wina chitsulo. A Vitus anabisala kuseri kwa chitseko cha geti kuti bulu akamadutsa asawaone. Pamalo pamenepo m'pamene panathera kumbuyo kwa lole, ndipo anthu aja atatsitsa chitseko chake, fungo linawamenya kumaso. Linali fungo la mchere ndi zowola, ntchentche zili ng'waa. Pakona panali lona atakuta mulu wa zinthu, ndipo mphepo inakweza mbali imodzi. Anaona ubweya wotuwa. Paubweyapo panali mtanda wa jivi, wopendama pang'ono kumanzere, mmene ankajambulira mayi aja chifukwa cha diso lawo lofooka.

A Vitus anazindikira kuti muluwo unali wa zikopa za abulu. Anayang'ana chitsulo chija, anayang'ana mapewa a anthu aja, anayang'ana msewu umene unali pululu, woti munthu n'kuthawa osacheuka. Kuseri anamva ziboda zikukhwekhwerezeka pansi. Anthu aja anali atawakoleka kale chingwe a Nasibeko, akuwakoka, iwo akukana.

Mmene anafikira pakati pa bulu ndi lole, a Vitus sakumbuka mpaka lero.

"Simama," anatero. Mawuwo anatuluka ngati a mwanapiye.

Wa chipewa anaseka, n'kunena mwaulemu kuti bwana apatuke, anagwirizana kale. Wa chitsulo sanaseke, anangosendera. A Vitus anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, lachiwiri, ndipo msana wawo unagunda chinthu chofunda. Kutsogolo chitsulo, kumbuyo mano. Poti panalibenso kolowera, anatembenuka, n'kutsinzina, n'kukumbatira khosi la a Nasibeko ndi manja onse awiri, zala n'kuzipiringiza.

A Nasibeko, amene kwa masabata atatu sanakhudzidwe ndi munthu, anapinda khosi, n'kununkhiza kumsana kwa a Vitus, n'kutsika, n'kugwira thalauza ndi mano. Pamalo pomwe paja. Pachipsera penipeni.

Kukuwa kumene kunatuluka pamenepo, anthu akuti kunamveka mpaka ku msewu wa Namanga.

"Mayo ine! Ndafa! Amayi! Amayiii! Punguza! Simama! Amayi, bwerani!"

Pachitsime kuseri kwa mpanda panali mzere wa ngolo. Ogulitsa madzi Chichewa sankachidziwa, koma zaka khumi ndi ziwiri anamva bambo ameneyu akuti "Amayi", ndipo mawu awiri enawo anali a munthu mmodzi yekha pa dziko lonse. Anasiya zigubu zikusefukira. Kioko ndiye anali patsogolo, ndevu zili petupetu, n'kuimika ngolo yake chopingasa pageti. Kumbuyo kwake kunabwera ina, ndi ina, mpaka kanjira konse kanadzaza abulu a mitanda, lole yopanda potulukira. Kioko anakwera n'kuvundukula lona. Anatola chikopa chimodzi n'kuchifungatira. Chinali cha bulu wake amene anasowa mwezi wapitawo, yemwe uja ankayang'ana a Vitus pagalasi.

Za mmene anthu atatu aja anakafikira ku polisi sindinena zambiri, koma anakwera ngolo ndipo sanakhale pabwino. Mwini nyumba analumbira kuti samadziwa, ndipo anati bulu akhale mpaka adzafe yekha. Nthawi yonseyi a Vitus anali chikumbatirire, maso ali chitsinzinire, akukuwabe pang'onopang'ono. Zinatengera amuna awiri kuti awamasule zala. Thalauza linali litang'ambika, koma khungu silinakhudzidwe. A Nasibeko ankangofuna chigumu cha chimanga chimene mayi aja ankabisa m'thumba lakumbuyo la chovala chawo.

Kioko anawagwira dzanja, misozi ili m'ndevu, n'kuuza anzake kuti aone mwamuna: wakumbatira bulu pamaso pa chitsulo, n'kuitana gulu lonse ndi mawu a mkango. A Vitus anafuna kufotokoza, koma mano ankagundana.

Masana omwewo anaimba foni ku Linthipe. Anafotokoza zonse, osabisa za famu ija.

"Mayi a Luso, ine ndinawanamiza Amayi zaka khumi ndi ziwiri. Anapita akuganiza kuti ndimakonda abulu. Ndikanawauza, bwenzi atasiyira munthu wolimba mtima. Lero pang'onong'ono ndikanaphetsa."

Kumbali inayo kunamveka phokoso loti sungadziwe ngati n'kuseka kapena kulira.

"Bambo a Luso, Amayi anakulira pa abulu. Mukuganiza kuti sankadziwa munthu wamantha? Anadziwa tsiku lomwe lija la m'ngalande. Titafika kunyumba anandikokera kuchipinda, akuti, amuna akowa analumidwapo, usawauze kuti ndaona, angachite manyazi."

"Ndiye Loweruka lililonse lija..."

"Ankati okonda bulu awaona ambiri, tsiku lina amatopa n'kutola chikwapu. Koma inu simudzakweza dzanja. Ndiye m'chipatala muja ndinawafunsa kuti bwanji osasiyira Kioko. Akuti, mwamuna uyu wakhala akunjenjemera zaka zonsezi, koma ndikamuitana amabwera."

A Vitus anakhala pansi pakhonde, thalauza long'ambika lomwelo, n'kulira kuposa mmene analirira ku manda.

Ku Kitengela masiku ano kuli phokoso lomwe lija, fumbi lomwe lija, koma kukusowa kanthu. Ngolo zina zayambanso kulemera. Mitanda ija inafufutika ndi mvula ziwiri, ndipo majekete a Amalawi akukalamba pamapewa a eni ake. Pakona ya kuchitsime ogulitsa madzi amachepetsabe liwiro n'kuyang'ana uku ndi uku, kenaka amakumbuka, n'kupitiriza mwakachetechete. Nthawi zina galimoto yotuwa imaima pambali pa ngolo yolemetsa, galasi n'kutsika pang'ono pokha, kamawu n'kutuluka koti "Punguza", ndipo zigubu zimatsika ngakhale kuti kamawuko n'kosaopsa.

Mantha sanathe, musanamizidwe. M'mawa uliwonse a Vitus amaima kaye pakhomo la kukhitchini, chigumu chili m'manja. Kenaka amatsegula, amayenda mpaka pansi pa mtengo, amavula chipewa, amanjuta. Akazi awo amawaonera pawindo ndipo samadandaula kuti iwo moni sanalandirebe.

"Mwadzuka bwanji, a Nasibeko?" amatero, mawu akunjenjemera. "Ndabwera."